Boti la salaula

Ife a mu Lusaka palibe angatiphunzitse kugula chinthu chimene wina anagwiritsapo kale ntchito. Pa Soweto timadziwa kutembenuza jekete la salaula, kusuzumira m'khwapa, kukoka zipi kawiri, kununkhiza kolala. Motoka ya ku Japan ikafika pa Nakonde timagwada kuona ngati pansi pali dzimbiri, ndipo manambala a makilomita sitiwakhulupirira kwenikweni. Koma tinene kuti tsiku lina mukuyendayenda pa Facebook, mwaona chithunzi cha boti loyera la mlongoti wautali ndi matanga, zija nsalu zazikulu zogwira mphepo. M'kati muli mabedi anayi ndi kachitofu, banja lonse lingagonemo. Mtengo wake sukuposa wa Vitz yakale. Apa nzeru zathu za pa Soweto zimatha. Tiyang'ane pati? Nanga chinthu chimene timachionera m'mafilimu a anthu olemera chatchipa bwanji chonchi?

Mafunso awiriwa amayankhidwa ndi mbiri. Maboti ambiri otere ndi a msinkhu wa makolo athu, ndipo lililonse analipangira madzi akeake, m'dziko lake, pa zifukwa za nthawi yake. Wosadziwa zifukwazo amagula boti labwino la madzi a eni ake.

Tiyambe ndi boti lakale lotchuka kuposa onse. M'chaka cha 1892 Joshua Slocum, kaputeni wobadwira ku Nova Scotia, anali pa ulova. Zombo za nthunzi zinali kulanda ntchito zombo za matanga, ndipo chombo chake chinali chitasweka ku Brazil zaka zingapo m'mbuyomo. Mnzake wina, Eben Pierce, anamuuza kuti am'patsa chombo chaulere, kungoti chifunika kukonza pang'ono. Slocum atafika ku Fairhaven, m'chigawo cha Massachusetts, anapeza boti lakale la asodzi lotchedwa Spray litakhazikidwa m'munda, matabwa atawola. Anadula mitengo pafupi pomwepo nayamba kuchotsa thabwa limodzi, kuikapo lina, mpaka boti lonse. Zinam'tengera miyezi 13 ndi madola 553.62, ndalama zambiri nthawi imeneyo. Nambala imeneyi ndi yoyenera kuikumbukira tikamva wogulitsa akunena kuti "chifunika kukonza pang'ono chabe".

Pa 24 April 1895 ananyamuka ku Boston ali yekha, ndipo pa 27 June 1898 anaponya nangula ku Newport atazungulira dziko lonse, makilomita pafupifupi 74,000. Palibe munthu anachitapo zimenezi payekha iye asanatero. Anadutsanso kuno kumwera: anaima ku Durban ndi ku Cape Town, ndipo ku Pretoria anaonana ndi Paul Kruger, amene anakana kuti munthu angazungulire dziko chifukwa iye ankakhulupirira kuti dziko ndi lafulati.

Slocum anali mmisiri wa matabwa ndiponso munthu wokulira panyanja. Banja wamba silikanatha kuchita zimene anachita. M'masiku amenewo boti longosangalalira linali la mafumu ndi eni mafakitale. Liwu lakuti yacht linachokera kwa Adatchi, amene mu 1660 anapatsa mfumu Charles II ya ku England boti lotere ngati mphatso. Boti la matabwa limafuna munthu chaka chilichonse: kupala, kupenta, kutseka mipata. Matanga a thonje ukawapinda ali onyowa amachita nkhungu n'kuwola. Choncho mwini boti ankalemba antchito, ndipo mphunzitsi kapena kalaliki ankangoonera ali pagombe.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndiyo inasintha zinthu. Inasiya guluu wosasungunuka m'madzi ndi plywood yolimba, zimene ankapangira ndege ndi maboti a asilikali. Mu 1962 nyuzipepala ya Daily Mirror ya ku Britain inathandiza kutulutsa kaboti ka mamita 3.3, kokonzedwa ndi Jack Holt ndi Barry Bucknell, kamene bambo ankagula kali zidutswa pa mapaundi 63 ndi mashiling'i angapo, n'kukasoka yekha kunyumba ndi waya wa kopa asanamate guluu. Matanga ake anali ofiira ngati dzina la nyuzipepalayo pa tsamba loyamba. Tumaboti timeneti tinapangidwa toposa 70,000, ndipo ana ambiri anaphunzirira mmenemo.

Koma chimene chinadzaza madoko ndi fibreglass, ulusi wa galasi woumitsidwa ndi utomoni wochokera ku mafuta. Ukakhala ndi chikombole chimodzi, umaumba maboti ofanana mazanamazana monga njerwa. Mu January 1959, pa chionetsero cha maboti ku New York, Clinton ndi Everett Pearson, anyamata apachibale amene anayambira m'galaja, anaonetsa boti la mamita pafupifupi 8.6 lotchedwa Triton, lojambulidwa ndi Carl Alberg. Anagulitsa oposa 700. Nthawi yomweyo milongoti inasanduka ya aluminiyamu, matanga anasanduka a Terylene osawola. Boti silinafunenso wantchito. Linafuna chabe bambo, mayi ndi ana pa Loweruka.

Apa ndi pamene pali yankho la mtengo wotsika uja. Boti la matabwa likanyalanyazidwa limawola n'kuchoka pa msika lokha. La fibreglass silichoka. Amene anagula mu 1975 akalamba, ana awo alibe nalo chidwi, koma malo oimikapo boti amalipira mwezi ndi mwezi. Kuliphwanya nakonso ndi ndalama, moti ku France kuyambira 2019 kuli dongosolo lapadera lophwanya maboti otha ntchito. Nthawi zambiri wogulitsa sakufuna phindu. Akufuna kuti bilu ichoke pa dzina lake ipite pa lanu.

Manje tiyeni pansi pa madzi, kumene chithunzi cha pa Facebook sichionetsa. Boti la matanga lili ndi chipsepse cholemera pansi pake, chimene amatcha keel. Ntchito zake ndi ziwiri: kuletsa boti kutsetsereka cham'mbali mphepo ikalikankha, ndi kulidzutsa likapendekeka. Maonekedwe a keel amakuuzani madzi amene boti linabadwira, ndipo maboti awiri amene anatuluka chaka chimodzi, 1969, amaonetsa zimenezi bwino.

Loyamba ndi Westerly Centaur la ku England, la mamita 7.9, lojambulidwa ndi kampani ya Laurent Giles. Kumeneko nyanja imaphwa kawiri pa tsiku, ndipo m'mitsinje yambiri ya kugombe mumatsala matope okhaokha. Malo oimika boti amene madzi sachoka ndi odula, a m'matope ndi otchipa. Choncho Centaur analipatsa ma keel awiri, wina uku wina uku, kuti madzi akachoka liime chilili pa miyendo yake m'malo mogona cham'mbali. Limayenda m'madzi osakwana mita imodzi, ndipo m'kati munthu wamkulu amaimirira osawerama, chinthu chimene chinakopa mabanja kuposa liwiro. Pofika 1980 anali atapanga 2,444. Akatswiri a mpikisano ankaliseka kuti ndi kalavani yoyandama, koma ndi limene anthu anagula. Chofooka chake chinachokera ku ubwino wake womwewo: kuzama m'matope ndi kuzuka kawiri pa tsiku kwa zaka zambiri kumagwedeza pamene ma keel alumikizana ndi thupi la boti, ndipo ambiri anachita kuwalimbitsa pambuyo pake. Wogula amachotsa matabwa a pansi m'kati n'kuona ngati pali ming'alu kapena dzimbiri pa mabawuti.

Lachiwiri ndi Catalina 22 la Frank Butler wa ku California. America wa nthawi imeneyo anali ndi misewu yotakata, motoka zazikulu, mafuta otchipa ndi madamu atsopano. Banja silinafune doko ayi. Linafuna boti logona pa ngolo kuseri kwa nyumba, lokoka ndi motoka Lachisanu madzulo. Butler anapachika keel yachitsulo ya makilogalamu pafupifupi 250 pa chipini, kuti izipindikira m'mwamba ukapukusa chingwe cha waya. Ikatsika, boti la mamita 6.5 limeneli limafuna madzi a mita imodzi ndi theka. Ikakwera, masentimita 60 akwana. Anapanga oposa 15,000. Pa boti lotere moyo wonse uli pa chipini ndi waya uja, zinthu zimene zakhala m'madzi zaka makumi anayi osaonedwa ndi munthu.

Kodi madzi athu afanana ndi ati? Kariba ndi damu, ndipo pa mbali imeneyi ndi wachibale wa madamu a ku America. Khoma linatha mu 1959, madzi anadzaza pofika 1963, atasamutsa Atonga pafupifupi 57,000. M'malo ena anagwetsa mitengo ndi maunyolo ndi mipira yachitsulo yokokedwa ndi mathalakitala kuti maukonde asamakodwe, koma m'malo ambiri nkhalango inamira ili chiimire, ndipo mitengo ya mopane ikadali pomwepo. Kuwonjezera apo, madzi a Kariba amakwera ndi kutsika pakati pa mamita 475.5 ndi 488.5 pamwamba pa nyanja ya mchere, kusiyana kwa mamita 13. Ife timadziwira kutsika kumeneku pa malaiti, monga mu 2019 ndi 2024. Mwini boti amadziwira pa keel: pamene anadutsa bwino chaka chatha, chaka chino pali chitsa. Ndiye kwa banja la mu Lusaka, limene Siavonga ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200, ife tingasankhe boti la mamita 6 kapena 7 la keel yokweza, lokwera pa ngolo. Boti lalikulu la keel yakuya ndi lokongola pa chithunzi, koma kulifikitsa kuno kufuna lole ndi makina onyamulira, ndipo likafika lidzakhala malo amodzi mpaka kalekale.

Kugombe la nyanja ya mchere nkhani ndi ina. Ku Beira madzi amatha kukwera ndi kutsika mamita oposa 6, ndipo ngalawa za asodzi zimagona pamchenga kudikira kuti abwerere. Kumeneko nzeru ya Centaur imamveka. Koma boti limodzi lochita bwino zonse ziwiri, Kariba pa Isitala ndi Mozambique pa Khirisimasi, ndi losowa, ndipo chifukwa chake chinaonekera mowawa mu 1979.

Mu August chaka chimenecho maboti 303 ananyamuka ku Cowes pa mpikisano wa Fastnet, ulendo wa makilomita oposa 1,100 wokazungulira thanthwe la kumwera kwa Ireland. Usiku wa pa 13 namondwe anawapeza pakati pa nyanja. Anthu 15 a mu mpikisanowo anafa. Maboti osakwana 90 ndi amene anamaliza. Maboti 24 anasiyidwa ndi eni ake, koma mwa amenewo 5 chabe ndi amene anamira. Enawo anapezeka akuyandama, pamene ena mwa anthu amene anathawira m'tumaboti ta mphira topulumukira anali atafa. Ofufuza atayang'ana anapeza kuti malamulo a mpikisano a m'ma 1970 analimbikitsa maboti otakata ndi opepuka, amene funde likawagubuduza amatha kukhala chadodolido nthawi yaitali. Anawayerekeza ndi Contessa 32, boti lopapatiza la keel yolemera, limene limadzuka lokha ngakhale mlongoti utaloza pansi. Pa maboti 58 a gulu la ang'onoang'ono, limodzi lokha ndi limene linamaliza, Contessa 32 lotchedwa Assent.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa opanga maboti a mabanja anatengera maonekedwe otakata aja. Boti lotakata lili ndi malo ambiri m'kati, ndipo pa chionetsero anthu amagula mabedi ndi khitchini. Choncho chimene chimakoma pa doko ndi chimene chimapulumutsa pa namondwe nthawi zambiri zimakokana. Kuyambira 1998 maboti atsopano ogulitsidwa m'maiko a European Union amakhala ndi kachikwangwani kolembedwa chilembo ndi chiwerengero cha anthu oyenera kukwera. A ndi la nyanja yaikulu. B limapirira mafunde a mamita 4. C ndi la kugombe ndi nyanja zazikulu za kumtunda, mafunde a mamita 2 ndi mphepo ya makilomita pafupifupi 50 pa ola. D ndi la madzi obisika. Maboti a m'ma 1970 alibe chilembo chimenechi, ndiye wogula amafunsa amene anayendapo pa mtundu womwewo. Ubwino wa boti limene anapanga masauzande ndi umenewu: eni ake ali ndi magulu pa intaneti, matenda ake onse analembedwa kale, ndipo zida zake zimapezeka.

Tisanamizane kuti nyanja za kumtunda ndi zithaphwi. Pa 30 July 1946 sitima yachitsulo yatsopano, Vipya, inagubuduzika pa nyanja ya Malawi ikulowera ku Florence Bay, ndipo anthu 145 anafa. Mwera ukawomba miyezi yozizira umayenda pa madzi makilomita mazana popanda chotchinga. Kariba ndi yaitali makilomita oposa 220, Tanganyika kuposa apo. Mafunde a nyanja zotere ndi afupiafupi ndi oimirira, amamenya boti laling'ono mosalekeza. Boti la chilembo D si la pakati pa Kariba muli ana.

Wina adzatiuza za Frank Dye, amene mu 1963 anachoka ku Scotland kufika ku Iceland m'masiku 11 pa kaboti kosafoleredwa ka mamita 4.8 ka mtundu wa Wayfarer, ali ndi mnzake mmodzi. Ndi zoona. Chaka chotsatira, popita ku Norway, anagubuduzika kanayi ndipo mlongoti unathyoka. Kabotiko kali m'nyumba yosungira zakale ku Falmouth. Wayfarer ndi boti labwino kwambiri lophunzirira, ndipo kwa banja limene likufuna kuyenda masana n'kugona m'tenti pagombe, mwina ndi lokwanira. Koma ulendo wa Dye umationetsa kulimba mtima kwa Dye, ndipo iye sagulitsidwa pamodzi ndi boti.

Zaka nazo zimasiya zizindikiro. Maboti oyambirira a fibreglass ndi ochindikala ndi olemera, popeza opanga anali asanadziwe mphamvu ya chinthu chatsopanochi. Mafuta atakwera mtengo mu 1973, utomoni unakweranso, ndipo ambiri anayamba kuchepetsa. Kuti denga la boti likhale lopepuka koma lolimba, ankaika thabwa lofewa la balsa pakati pa zigawo ziwiri za fibreglass. Madzi akalowa pa kabowo ka bawuti, thabwalo limawola mwakachetechete pamene kunja kukunyezimira. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Njira yake ndi kuyenda pa denga lonse opanda nsapato, kumva pamene pakubonyoka, ndi kugogoda ndi chigwiriro cha sikuludiraiva: pabwino pamalira mowuma, powola pamalira ngati dzungu. Pansi pa boti pamatuluka matuza, madzi akalowa m'khungu la kunja n'kusakanikirana ndi utomoni wosauma bwino. Ukaboola limodzi pamatuluka madzi onunkha ngati viniga. Matuza ochepa si imfa ya boti, koma ndi chifukwa chotsitsira mtengo, ndipo sungawaone boti lili pamadzi. Wogulitsa wokana kulitulutsa m'madzi wakuyankhani kale.

Zodula kwenikweni ndi zimene zapachikidwa pa thupilo. Mawaya ogwira mlongoti amasinthidwa pakatha zaka pafupifupi 10, ngakhale akuoneka bwino, chifukwa amathyokera m'kati mwa zolumikizira. Matanga a Terylene sawola ndi madzi koma amapsa ndi dzuwa, ndipo dzuwa la m'chigwa cha Zambezi si la ku England. Kokani ulusi wa msoko ndi chikhadabo, ukaduka ndiye kuti thanga latha. Injini yakale ya m'kati imatha kudula kuposa boti lenilenilo, n'chifukwa chake boti laling'ono la injini yopachika kumbuyo, imene makanika wa ku Siavonga amaidziwa, limatikomera. Boti lochokera ku madzi a mchere limabwera ndi dzimbiri m'zitsulo ndi m'mawaya a magetsi, pamene madzi opanda mchere amawoletsa matabwa msanga. Ngakhale tizitsulo timene amamangirira pansi kuti tidyeke m'malo mwa injini ndi tosiyana: zinc ku nyanja ya mchere, magnesium kuno kwathu. Pomaliza pali mapepala. Maboti a ku America kuyambira 1972 ali ndi nambala ya zilembo 12 yodindidwa kumbuyo, yoonetsa wopanga ndi chaka. Ikasiyana ndi ya pa pepala, nkhani ithere pomwepo, monga timachitira ndi chassis ya motoka. Ndipo kumaiko kumene maboti ndi ambiri kuli anthu amene ntchito yawo ndi kupima boti wogula asanalipire. Ndalama ya munthu ameneyu anthu amaiona ngati yowonongeka, koma pa ndalama zonse za boti ndi yokhayo imene ingakubwezereni zina zonse.

Spray uja sanathere m'nyumba yosungira zakale. Slocum atabwerako analemba buku la ulendo wake, Sailing Alone Around the World, nagula munda pa chilumba cha Martha's Vineyard, koma ulimi sunam'khale. Nyengo yozizira ikafika ankakwera boti lake kupita ku zilumba za Caribbean. Amene analiona m'zaka zomalizazo ananena kuti linali litatha: zingwe zokalamba, utoto wosuluka, matabwa olowa madzi. Linali boti lomwelo limene linazungulira dziko, ndi kaputeni yemweyo, amene moyo wake wonse sanaphunzire kusambira. Mu November 1909, ali ndi zaka 65, ananyamukanso kulowera kumwera. Sanaonekenso, iye ngakhale thabwa limodzi la Spray, ndipo khoti linalengeza mu 1924 kuti anamwalira.